Mseu Ukaonongeka, Akonze Ndani?

Caka ndi caka, mvula ikagwa, miseu ikumbika ndipo milato igumuka. Pamenepo anthu afunsana kuti, "Kodi nchito yokonza ndi ya Boma kapena ya khonsolo?" Yankho lake ligona pa mtundu wa mseuwo.

M'Malawi muli miseu yoposa makilomita 15,000, ndipo yambiri mwa iyo njafumbi. Miseu ikuru-ikuru, monga wa M1 wocokera ku Songwe, m'malire a Tanzania, kufikira ku Marka m'boma la Nsanje, iri m'manja mwa bungwe la Boma lochedwa Roads Authority. Koma miseu ya m'maboma, ya m'mizinda ndi ya kumidzi, imene ipita ku msika, ku cigayo ndi ku cipatala, njoyang'anira makhonsolo.

Nanga ndarama zicokera kuti? Mu 2006 lamulo linakhazikitsa Roads Fund Administration kuti isunge thumba la miseu. M'thumbamo mulowa msonkho wa pa lita iri yonse ya petulo ndi dizilo, ndiponso, kuyambira mu 2021, ndarama zimene agalimoto alipira pa zipata za pamseu, monga ca ku Chingeni. Zambia ndi Zimbabwe nawonso ali ndi matumba otere.

Apa ndi pamene pali bvuto: ndarama zisonkhanitsidwa ku likulu, koma maenje ali kumudzi. Zimene khonsolo itolera yokha, m'misika ndi pa ziphaso za malonda, nzocepa. Cifukwa cake amakhonsolo ati, wosenzetsa mnzake katundu ampatsenso nkhata. Aboma ayankha kuti pa mseu waukuru padzera mafuta, feteleza ndi mankhwala a dziko lonse, ndipo thumba likagawidwa m'maboma onse 28, palibe boma limene lingamange mlato waukuru ngakhale umodzi.

Mbali zonse ziwiri zinena zoona, koma madzi sadikira kuti mlandu uthe. Ngalande yotsekeka, imene anthu ocepa akadaitsegula ndi makasu mu Okutobala, idula mseu mu Januwale. Lore ikaleka kufika, mlimi agulitsa cimanga cake pa mtengo wolira, ndipo mai wodwala anyamulidwa pa njinga.

Cotero mudzi wodandaula ndi mseu wake uyambe wadziwa mwini wa mseuwo. Ukakhala wa khonsolo, nkhani ipite kwa khansala ndi ku komiti ya citukuko m'nyengo ya cirimwe, kuti ilembedwe pa nchito zofuna ndarama mvula isanagwe.