Phunziro lobisika m'belo la salaula ku Lundazi

Belo la salaula likamamasulidwa pamsika wa pa Boma la Lundazi, anthu amakhala ataunjikana kale. Wogulitsa amadula zomangira, zovala n'kufutukuka, kafungo kake kaja n'kumveka. Ofika msanga amasankha majekete ndi madiresi abwino, otsatira amatola timalaya ta ana. Pofika madzulo pamphasa pamatsala zimene aliyense wazikankhira pambali: buluku long'ambika pakati, juzi lothothoka ubweya, sokosi yopanda inzake. Wogulitsayo analipira belo lonse, ndi nsanza zomwe, ndipo nsanzazo zikathera kudzala kapena pamoto.

Mphunzitsi wa Geography kapena Civic Education amene akufuna kufotokozera ana za mkangano wa zinyalala pakati pa maiko olemera ndi osauka ayambire pamulu umenewu. Mwana wa kwa Mwase kapena kwa Mphamba sanaonepo doko, koma nsanza za m'belo amazidziwa. Akafunsidwa kuti anatumiza ndani, ndipo akulipira ndani kuti zitayidwe, ndiye kuti walowa kale m'nkhaniyo.

Mkanganowu ndi wakale. Mu 1988 zombo zochokera ku Italy zinatsitsa migolo masauzande ya zinyalala zapoizoni padoko laling'ono la Koko ku Nigeria, mwini malo akupatsidwa madola 100 pamwezi. Zitaululika, Nigeria inakakamiza Italy kudzatenga katundu wake. Chaka chotsatira maiko anasainirana pangano la Basel loyang'anira kayendedwe ka zinyalala zoopsa, koma maiko a mu Africa anaona kuti silinatseke chitseko kwenikweni, choncho mu 1991 anapanga lawo ku Bamako, loletseratu kulowetsa zinyalala zotere mu Africa.

Komabe mu August 2006 zinyalala za m'chombo cha Probo Koala, chimene kampani ya Trafigura inabwereka, zinatayidwa usiku m'malo osiyanasiyana mumzinda wa Abidjan. Boma la Côte d'Ivoire linati anthu 17 anamwalira, ndipo oposa 100,000 anathamangira kuchipatala. Apa mphunzitsi alembe manambala awiri pabolodi. Ku Amsterdam, kumene chombocho chinadutsa chisanapite ku Abidjan, kukonza zinyalalazo mwadongosolo kukanadya madola oposa 600,000. Kampani ya ku Abidjan inavomera kuzichotsa pa madola pafupifupi 17,000. Ana achotsere okha, kenaka akambirane kuti ndalama zimene zinapulumukazo anazilipira ndi matupi awo ndani. Masamu amenewa ndiwo muzu wa nkhani yonse: kumene malamulo ali okhwima kutaya chinyalala n'kokwera mtengo, ndiye chimasakasaka kumene kuli kotchipa.

Masiku ano chinyalala sichibwera kawirikawiri m'migolo yolembedwa kuti poizoni. Chimabwera ndi dzina loti katundu wogwiritsidwapo kale ntchito: zovala, mafoni, makompyuta, mafiriji. Zina zimatumikira zaka, zina zimafika zitatsala pang'ono kufa. Pamsika wa Kantamanto ku Accra, bungwe la The Or Foundation limati pa zovala 100 zilizonse zofika m'mabelo, pafupifupi 40 zimathera kudzala.

Apa m'pofunika chilungamo, chifukwa m'kalasimo muli ana amene yunifolomu ndi makope awo zinagulidwa ndi phindu la salaula. Kuwauza kuti amayi awo amagulitsa zinyalala za azungu n'kuwanamiza komanso kuwanyoza. Salaula waveka anthu amene sakanakwanitsa chovala chatsopano, ndipo wadyetsa mabanja ambiri. Chofunika kufunsa n'chakuti, bwanji wolongedza belo kutsidya amaika zosavalika pamodzi ndi zabwino, podziwa kuti wogula kuno sangalitsegule asanalipire?

Funso lina limawawa kwambiri ku Lundazi, kumene anthu amalima thonje. Mlimi amapopera, amatola dzuwa likuswa mtengo, thonje n'kupita, iye n'kukagula malaya amene wina anatopa nawo. Fakitale ya nsalu ya Mulungushi ku Kabwe inatsekedwa mu 2007. Sikuti salaula yekha ndiye anaigwetsa, koma ana ayenera kudziwa kuti dziko losauka likafuna kuteteza mafakitale ake limakumana ndi zotani. Maiko a kum'mawa kwa Africa atagwirizana mu 2016 zoti asiye kulandira zovala zakale, America inaopseza kuwalanda mwayi wogulitsa katundu wawo kumeneko mopanda msonkho pansi pa lamulo lake la AGOA. Ena anabwerera m'mbuyo. Rwanda inalimba mtima, ndipo mu 2018 zovala zake zinalandidwa mwayiwo. Chaka chomwecho China inasiya kulandira zinyalala zambiri zapulasitiki zakunja, ndipo palibe amene anatha kuiletsa.

Phunziroli lisathere pa kuloza chala kutsidya kwa nyanja. M'midzi yambiri muli tinyali ta sola takufa, mabatire otupa ndi mafoni osweka, zimene ana amazigoba ndi mwala kuti aone za m'kati. Mabatire ena amakhala ndi mtovu, womwe uja wavulaza ana a ku Kabwe, kumene mgodi unatsekedwa mu 1994 koma dothi likadali loopsa mpaka lero. Zambia ili ndi lamulo loyang'anira chilengedwe la mu 2011, limene linakhazikitsa bungwe la ZEMA, ndipo mu 2018 inaika malamulo akuti wopanga kapena woitanitsa katundu akhale ndi udindo pa zinyalala za katundu wakeyo. Kalasi ikhoza kuwerenga mabatire akufa amene ali m'mudzi umodzi, n'kulembera khonsolo kalata yofunsa kumene ayenera kuperekedwa. Yankho likabwera, aliwerenge pamodzi m'kalasi, likachedwa, alembenso.