Mpando wolimba umayambira pamthunzi

Mukamayenda pa boma la Mangochi, kuno kwa Mponda, mumaona mipando, mabedi ndi makabati zitayalidwa kunja kwa mashedi a akalipentala, zonse zikuwala ndi vanishi. Ine ntchito yanga ndi yopala matabwa, ndiye ndikuuzeni mosabisa kuti kuwalitsa katundu sikuvuta. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mpando umalimba chifukwa cha zinthu ziwiri zimene wogula saziona: kuuma kwa thabwa ndi kalumikizidwe kake.

Mtengo ukangochekedwa umakhala ndi madzi ambiri. Madziwo akamatuluka thabwa limachepa, makamaka m'lifupi, pomwe m'litali silisintha kwenikweni. Chitseko chokhomedwa ndi matabwa aawisi mu Malichi chimaoneka bwinobwino. Pofika Okutobala, dzuwa la kunyanja litakwiya, mipata imatseguka moti wodutsa panja amaona kuwala kwa nyali ya m'nyumba. Mvula ikabwerera chimatupa n'kuyamba kukana kutsekeka.

N'chifukwa chake thabwa timaliumitsa pamthunzi. Timasanja matabwa pansi pa denga, pamwamba pa njerwa kuti asakhudze dothi, n'kuika timitengo tofanana kukula pakati pa thabwa ndi linzake kuti mphepo izidutsa. Mukaliyanika padzuwa, kunja kumauma msanga m'kati musanaume, ndipo limang'aluka kunsonga kapena kupindika. Kuumitsa pamthunzi kumatenga miyezi, pomwe ndalama zonse za mmisiri zili m'matabwamo. Apa ndi pamene ambiri amagonja n'kuyamba kupala thabwa lisanafike.

Mitengo nayo si imodzi. Mlombwa ndiwo timaukonda kwambiri chifukwa ukauma sutupa kapena kuchepa kwenikweni, ndipo pakati pake pofiirira chiswe sichipakonda. Koma mbali yake yoyera ya kukhungwa imafumbwa, choncho mmisiri woona mtima saibisa ndi utoto. Mbawa ndi yofiira bwino, yoyenera matebulo ndi zitseko. Mitengo iwiriyi ikusowa tsopano, poti nkhalango ngati za Phirilongwe ndi Namizimu zapululuka ndi makala komanso nkhuni zootchera njerwa ndi zowambira nsomba. Ambiri tatembenukira ku malayina, bulugamu ndi paini. Munda waukulu wa paini m'dziko muno uli ku Chikangawa. Paini ndi wofewa, wosavuta kupala, koma amafuna mankhwala a chiswe. Bulugamu ndi wolimba, vuto lake amapotoka akauma mofulumira.

Pa kalumikizidwe, msomali wokha sukwanira. Mwendo wa mpando timaubowola ndi tchizulo, dzenje la ngodya zinayi. Nsonga ya thabwa lopingasa timaicheka ndi sowo mpaka kukhuthala kwake kutsale gawo limodzi mwa magawo atatu, kuti ilowe m'dzenjemo. Iyenera kulowa mothina, mongoigogoda pang'ono. Ikalowa mokhwepa, guluu sangaipulumutse, ndipo ikathina mopitirira mwendo umang'aluka. Kenako timapaka guluu, kupanikiza, n'kuyesa ndi sikweya guluuyo asanaume. Mpando wongokhomedwa misomali umayamba kugwedera chifukwa munthu akamatsamira, msomali umakulitsa bowo lake pang'onopang'ono.

Anzathu okhoma maboti a matabwa, monga a ku Mpwepwe, kutupa kwa thabwa amakugwiritsa ntchito. Boti likalowa m'madzi matabwa amatupa n'kuthinana, mipata n'kutsekeka. Ambiri ankadalira mkungudza wa ku Mulanje, umene suola msanga m'madzi. Mtengowu udalengezedwa kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984, koma lero m'phirimo mitengo yake yaikuluikulu yatsala pang'ono kutheratu.

Tsono mukapita kukagula mpando, musachite manyazi. Utembenuzeni muone kunsi kumene sikunapakidwe vanishi. Thabwa laliwisi limalemera ndipo limazizira mukaligwira. Fufuzani timabowo ndi ufa wa tizilombo tofumbwitsa. Ukhazikeni pansi posalala, gwirani chotsamira n'kugwedeza. Funsani kuti ndi mtengo wanji, ndipo wauma nthawi yaitali bwanji. Mmisiri wodziwa ntchito yake sakwiya ndi mafunso amenewa, amakutengerani kuseri kwa shedi kukakuonetsani matabwa amene akuuma. Akakuuzani kuti mudikire mwezi wina thabwa lifike, dikirani, ndipo perekani chikole.