Mapanga a Chongoni adali makalasi

M'mapiri a Chongoni m'boma la Dedza muli malo 127 pomwe anthu akale adajambula zithunzi pamiyala. Bungwe la UNESCO lidaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006. Alendo amakwera ku Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi kukasirira luso, koma ambiri sadziwa kuti ena mwa mapangawo adali makalasi.

Akatswiri amati zithunzi zofiira adajambula ndi Akafula. Zoyera n'za Achewa, ndipo zambiri zimakhudza chinamwali cha atsikana ndi Nyau. Anamkungwi ankaloza zithunzizo pophunzitsa mwambo, monga achitira mphunzitsi pabolodi. Namwali sankalemba kanthu. Phunziro ankalisunga m'nyimbo, m'gule ndi m'chithunzi.

Chachikulu n'chakuti maphunzirowo sankathera pamenepo. Mtsikana ankalangizidwa akatha msinkhu, n'kulangizidwanso polowa m'banja, kenaka pachisamba, akatenga pathupi koyamba. Ngakhale mfumu yatsopano, imvi zili mbuu, inkayamba yalandira malangizo isanakhale pabwalo kuweruza milandu. Munthu akalowa gawo latsopano la moyo, phunziro lake linkamudikira.

Sukulu idabwera ndi zomwe mapanga sakadapereka: kulemba, kuwerenga ndi masamu. Sekondale ya boma ya Dedza idatsegulidwa mu 1951, ndipo maphunziro a pulayimale adakhala aulere mu 1994. Koma sukulu idabweranso ndi ganizo lolakwika, loti kuphunzira n'kwa ana ndipo kumatha munthu akalandira satifiketi.

Mwambo nawo sudali wopanda chilema. Kawirikawiri mtsikana ankatuluka kuchinamwali akudziona kuti wakhwima, sukulu n'kuitaya. N'chifukwa chake Inkosi Theresa Kachindamoto ya m'boma lomweli idatchuka pothetsa maukwati a ana mazanamazana n'kubwezera anawo m'kalasi. Kuyambira 2017, malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati munthu asanakwane zaka 18.

Nanga amene sukulu idawadutsa kale? Awa ndiwo sukulu za kwacha zidakhazikitsidwira, ngakhale abambo ambiri amazipewa poopa kusekedwa. Komabe kusowa kwake kukuoneka pamsika wa Chimbiya kapena ku Bembeke. Mayi wogulitsa mbatata ya kachewere akauzidwa kuti ndalama zatumizidwa pafoni, amayenera kuwerenga yekha uthengawo. Akapanda kutha kutero, amapereka foniyo kwa wogula yemweyo kuti amuwerengere.