Kunyamula zitsulo kuli ndi nyengo zake ngati ulimi

Achinyamata ambiri paboma la Ntcheu, monganso m'matauni ena, amanyamula zitsulo kapena simenti youmba m'zitini tsiku ndi tsiku, muyeso wake umodzimodzi. Pakatha miyezi ingapo mphamvu zimaleka kukwera, ena n'kuyamba kudandaula msana ndi maondo. Nthawi zambiri gwero la vutoli ndi kusowa ndondomeko.

Mlimi wa kachewere ku Tsangano sabzala ndi kukumba tsiku limodzi. Thupi nalo limafuna kuti ntchito yake igawidwe m'zigawo. Njirayi idatchuka m'zaka za m'ma 1960 kudzera mwa katswiri wa ku Soviet Union, Lev Matveyev, ndipo Tudor Bompa wa ku Romania adaifalitsa m'maiko ambiri.

Chigawo choyamba, cha masabata 4 mpaka 6, n'chomanga maziko. Munthu amanyamula zitsulo zopepukirapo maulendo 8 mpaka 12 asanapume, kuti minofu ndi mitsempha zizolowere. M'chigawo chachiwiri kulemera kumakwera koma maulendo amatsika kufika pa 3 mpaka 5, ndipo apa ndi pomwe mphamvu zenizeni zimabwera. Chachitatu chimasandutsa mphamvuzo kukhala liwiro: kudumpha, kuponya ndi kuthamanga mitunda yaifupi pa chitunda, zomwe sizivuta m'boma la mapiri ngati Ntcheu.

Mpikisano ukayandikira, ntchito imachepetsedwa kwa sabata imodzi kapena ziwiri kuti kutopa kuchoke. Wosewera mpira wamiyendo kapena wamanja aziyamba zigawozi ligi isanayambe. Ligi ili mkati, kunyamula kamodzi kapena kawiri pa sabata n'kokwanira kusunga mphamvu.

Chinsinsi chagona pa kupuma. Minofu imakula pomwe munthu akupuma, choncho gawo la thupi lomwe lagwira ntchito yolemetsa lipatsidwe maola pafupifupi 48. Pakatha masabata atatu kapena anayi, sabata imodzi ikhale yopepuka. Tulo tokwanira komanso zakudya monga nyemba, soya, mazira ndi usipa n'zofunika ngati zitsulozo.

Ngakhale kwa omwe sapikisana, bungwe la World Health Organisation limalangiza akuluakulu kulimbitsa minofu masiku osachepera awiri pa sabata. Odwala BP kapena mtima ayambe aonana ndi dokotala. Kope lolembamo kulemera ndi maulendo a tsiku lililonse limathandiza kuona ngati nthawi yoonjezera yakwana, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo.