Ngalande ikabooka, madzi amafuna muyezo

Alimi a madimba a ku Tsangano ndi ku Lizulu amadziwa kuti ngalande ikabooka, mabedi akumapeto ndiwo amayamba kufota. Madzi amathera m'njira, wopalasa pampu amatopa, koma kabichi wakutali osalawako ngakhale dontho. N'zimenenso zimachitika m'thupi la mwana tizilombo ta chibayo, ta matenda oumitsa khosi kapena ta m'mimba tikalowa m'magazi. Polimbana nato, thupi limadzivulaza lokha: mitsempha imafooka n'kuyamba kudontha, mtima umathamanga, koma magazi safika konsekonse. Achipatala amati sepsis, ndipo zikafika poti magazi sakuyendanso bwino amati septic shock. M'chaka cha 2017 chokha, matendawa anapha ana osakwana zaka zisanu pafupifupi 2.9 miliyoni padziko lonse.

Mabedi akumapeto a mwana ndi manja ndi mapazi. N'chifukwa chake bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limauza anamwino kuti ayang'ane zinthu zitatu pamodzi: manja ozizira, chikhadabo chimene ukachifinya chimapitirira masekondi atatu chisanafiirenso, ndi mtsempha wogunda mofulumira koma mofooka. Mwana wotere sayenera kudikira pamzere.

Malamulo amenewa ndi athu omwe. Njira yosankha ana odwalitsitsa akangofika pakhomo, yotchedwa ETAT, inakulira pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, motsogozedwa ndi Pulofesa Elizabeth Molyneux, ndipo WHO inaifalitsa kumayiko ena mu 2005. Pachipatalacho, ana ogonekedwa ankamwalira pakati pa 10 ndi 18 pa 100 alionse; atakonza kalandiridwe ka odwala, imfa zinatsika kufika pa 6 mpaka 8.

Ndondomeko yake imatsata zofunika kwambiri poyamba. Kuona ngati mwana akupuma n'kumupatsa okosijeni. Kupeza mtsempha, kuyeza shuga, malungo ndi kuchuluka kwa magazi. Kumubaya mankhwala opha tizilombo, monga ceftriaxone, ola limodzi lisanathe, ndi artesunate ngati ali ndi malungo aakulu. Mlimi wongothira madzi osatseka pobookapo amagwira ntchito yachabe. Dripi popanda mankhwalawa ndi chimodzimodzi.

Pa madzi m'pamene pagona nkhani. Mtima wachifundo umati bedi louma ulikhuthulire ndowa yonse, koma mlimi amadziwa kuti madzi obwera mwamphamvu amakokolola mbande. Kale madokotala ankakhulupirira kuti mwana wotere amafunika dripi yothamanga. Kafukufuku wa FEAST, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2011, anayesa zimenezi pa ana 3,141 ku Uganda, Kenya ndi Tanzania. Mwa ana opatsidwa madzi ambiri mofulumira, oposa 10 pa 100 anamwalira m'maola 48; mwa amene anangolandira madzi a mwa nthawi zonse, anamwalira pafupifupi 7. Choncho malangizo a WHO a 2016 amati mwana wa zizindikiro zonse zitatu alandire mamililita 10 mpaka 20 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, kwa mphindi 30 mpaka 60, kenaka amuonenso. Wonyentchera kwambiri amafuna muyezo wochepa, woperekedwa pang'onopang'ono. Wochepa magazi kwambiri amafuna magazi. Wotsegula m'mimba amene wataya madzi ambiri ali ndi muyezo wakewake.

Ku Ntcheu muyezowu ndi moyo. Mwana wochokera ku Kasinje, ku Bilira kapena ku Ganya amayenda mtunda asanafike pa chipatala cha boma, ndipo chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe chili pa mtunda wa makilomita oposa 150. Madzi a dripi akachuluka n'kudzaza m'mapapo, makina omupumitsa sali pafupi.

Nanga malamulo odziwika chonchi amaphonyeka bwanji? Usiku namwino amakhala yekha ndi ana ambiri, sikelo yatha mabatire, mankhwala atsekeredwa kufamase. Wina anaphunzira zakale, mnzake zatsopano. Zothandiza si zapatali: wosankha odwala akhale pakhomo usana ndi usiku, tchati cha miyezo chikhomedwe pamwamba pa bedi la odwala mwadzidzidzi, bokosi la mankhwala ndi makanyula liunikidwe pa kusinthana kulikonse, ndipo nthawi ya jakisoni woyamba ilembedwe. Mwana akamwalira, ogwira ntchito akhale pansi aone pamene anachedwa, osalozana zala. Chipatala chaching'ono chibaye jakisoni woyamba ambulansi isananyamuke.

Inunso makolo, mwana akatentha thupi koma manja ali zii, akulephera kuyamwa, akupuma mobanika, akungogona kapena wakomoka, musadikire kuche. Mukafika musakhale phee pabenchi kuopa kuoneka amwano. Pitani kutsogolo, muuze namwino kuti mwana wazizira manja ndipo sakudzuka, amuone nthawi yomweyo.