Viola: chombo cha asodzi chomwe sichidabwerere kwawo

Pagombe la Grytviken, pachilumba chozizira cha South Georgia kummwera kwa nyanja ya Atlantic, pagona chombo chofiira ndi dzimbiri. Alendo ochepa amene amafikako amachidziwa ndi dzina lakuti Dias. Kwawo ku Hull, m'dziko la England, amachitchulabe Viola.

Adachikhoma ku Beverley mu 1906, ndipo mwini wake adali kampani ya Hellyer, yomwe inkatcha zombo zake maina a anthu a m'masewero a Shakespeare. Chinkayendera malasha, n'kumakoka makoka panyanja ya North Sea. Ntchito yake idali yoika moyo pachiswe. Asodzi ankatha milungu osaponda mtunda, ndipo tsiku ndi tsiku ankapalasa kabwato kodzaza mabokosi a nsomba, mafunde ali gavigavi, kukapereka ku sitima yaliwiro yothamangira kumsika wa Billingsgate ku London.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, boma lidalanda chombochi n'kuchiika mfuti. Okwera ambiri adali asodzi, anthu ozolowera mamba a nsomba m'manja, motsogozedwa ndi Charles Allum. Adayamba kulondera kuzilumba za Shetland, kenako kufupi ndi mtsinje wa Tyne. Mu 1918 Viola idathandiza kumiza sitima ziwiri za Germany zoyenda pansi pa madzi, UB-30 ndi UB-115. Chimandiwawa n'chakuti pokamba za nkhondoyo anthu amatamanda zimasitima zikuluzikulu, pomwe asodzi otere, amene ambiri mwa iwo adatsalira m'madzi, satchulidwa kawirikawiri.

Nkhondo itatha chidagulitsidwa ku Norway, n'kusinthidwa dzina kawiri mpaka kutchedwa Dias, ndipo chidasakako anamgumi kugombe la Africa. Mu 1927 kampani ya ku Argentina idachitengera ku Grytviken kukasaka nyama zam'nyanja zoyengera mafuta. Malondawo atatha m'ma 1960, adangochimangirira padoko n'kuchoka. Chipale chofewa chidachiunjikira mpaka chidamira pomwepo, ndipo chidavuulidwa mu 2004.

Belu lake lidapezeka pafamu ina ku Norway. Bungwe la Viola Trust lidayesetsa kusonkhanitsa ndalama zoti chombocho chibwerere kumudzi, ndipo ine ndikuti n'koyenera, chisanadyeke ndi dzimbiri. Chichokereni ku Hull mu 1914, Viola sidaonenso doko lakwawo.