Kudzipangira Batire ku Bangula (Gawo Lachiŵiri)

Pamene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira m'chaka cha 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo anthu a m'Chigwa cha Shire anaona kufunika kosunga mphamvu ya dzuŵa. Sabata yatha tinafotokoza za sola. Lero tikamba za batire.

Mabatire a lithium otchedwa 32700, ooneka ngati kachidutswa ka nsungwi, a mtundu wa LiFePO4, amapereka mavoti 3.2 lililonse. Mukalumikiza anayi motsatizana mupeza mavoti 12.8, okwanira kuyatsa babu la mawati 5 kwa maola pafupifupi 15.

Komatu ntchitoyi imafuna kusamala. Mabatire onse akhale ofanana mphamvu, pakuti lofooka limatha msanga ndi kufooketsa anzake. Kachipangizo kotchedwa BMS kasasoŵe, chifukwa ndiko kamaletsa kudzaza mopyola muyeso. Ku Bangula, kumene kutentha kwa Okutobala kumapitirira madigiri 40, batire lisayandikire malata. Likhale pamthunzi ndiponso pamwamba, pamene madzi osefukira sangafike.

Aphunzitsi, ŵerengerani masamu ameneŵa pamodzi ndi ophunzira anu. M'gawo lotsatira tidzakamba za mawaya ndi fyuzi.